Namitete amene sumuona pa windo la minibasi

Wokwera minibasi ya ku Mchinji akaona magolosale a m'mbali mwa tala, amati Namitete wamuona. Ife obadwira kuno kwa Kalolo timangoseka. Mwini wakeyo ali mkati, kumene dothi lakatondo limakumamatira kumapazi dzinja lonse, ndipo madambo otsetserekera kumtsinje wa Namitete amakhala obiriwira ndi madimba ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Dothi lomweli ndilo linaitana alendo. M'zaka za m'ma 1920, mzungu wina, A. F. Barron wa ku Mbabzi, anayamba kugawa mbewu ya fodya kwa anthu a m'midzi ya m'chigwa cha Lilongwe, kuti azilima okha iye n'kumagula. Pofika 1926 boma la atsamunda linali litakhazikitsa Native Tobacco Board, yoyang'anira malimidwe ndi misika. Agogo anga aamuna anakulira mu utsi wa fodya wachikopa, ndipo zaka ankaziwerenga ndi mitengo yake: chaka chimene anagula njinga, chaka chimene fodya anabwera naye kunyumba osagulitsa. Bale wa m'zigafa amene mukumuona leroyu alimi wamba analoledwa kumulima mochedwa, m'ma 1990.

Koma mukandifunsa ine, chinabereka tauni si fodya ayi. Ndi matenda. Mu 1959 masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg anatsegula chipatala cha St Gabriel ku Namitondo, kapatali pang'ono ndi msewu waukulu. Wodwala sabwera yekha. Amabwera ndi mayi ake kapena mlongo wake, mphika, mkeka ndi kathumba ka ufa, ndipo womudikirirayo mawa lake afuna nkhuni, tomato, mchere ndi usipa. Amayi anga anagulitsa zitumbuwa pafupi ndi mpanda wa chipatalacho zaka zambiri, fizi yanga n'kumachokera m'beseni lawolo. Ankadziwa mudzi wa munthu pongomva kalankhulidwe: uyu wa ku Nsaru, uyu wa kwa Kabudula, uyu wawoloka Bua kuchokera ku Mchinji. Akabaza nawo amadyera pamtunda womwewo wa pakati pa tala ndi geti.

Njanji inafika mochedwa, itapitirira kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Mchinji mu 1980. Tili ana tinkaithamangira sitima n'kumaibayibitsa, koma kunena zoona yatisiyira zochepa. Ngolo ya ng'ombe yanyamula katundu wathu wambiri kuposa iyo.

Chimene sichinasunthe ndi dambwe. Tchalitchi chinamangidwa, sukulu ya sekondale ndi ya ntchito zamanja zinabwera, koma pamaliro a mkulu wa m'mudzi zilombo zimatulukabe m'nkhalango ya kumanda, fumbi kobo. Mukadzadutsanso, tsikani pasiteji, mukwere kabaza wa ku Namitondo. Mtengo mukambiranetu musanakwere.