Dera la mzinda waukulu

Dera la mzinda waukulu, lomwe m'Chingerezi amalitcha metropolitan area, ndi mzinda waukulu pamodzi ndi matauni komanso midzi youzungulira imene anthu ake amadalira mzindawo pa ntchito, malonda, maphunziro ndi chithandizo cha kuchipatala. Malire a derali satsata malire amene boma linaikira khonsolo ya mzinda, koma amatsata kumene anthu amagona ndi kumene amalawirira kukagwira ntchito. Pa chifukwa ichi, dera limodzi likhoza kukhala ndi makhonsolo ambirimbiri, likhoza kudutsa malire a zigawo, ndipo nthawi zina limafika m'dziko loyandikana nalo.

Chiyambi cha dzina

Dzinali linachokera ku liwu la Chigiriki loti metropolis, lomwe linapangidwa kuchokera ku mawu awiri otanthauza "mayi" ndi "mzinda". Agiriki akale ankatchula choncho mzinda umene anthu ake ananyamuka n'kukakhazikitsa mizinda yatsopano kutsidya kwa nyanja. Patapita nthawi, liwuli linayamba kutanthauza mzinda waukulu kuposa ina yonse m'dziko kapena m'chigawo.

Mmene maderawa anayambira

Kale munthu wogwira ntchito mumzinda ankayenera kukhala pamtunda woti angathe kuyenda wapansi. Zinthu zinasintha sitima zapamtunda zitayamba kunyamula anthu m'zaka za m'ma 1800. Ku London, kampani ya Metropolitan Railway inatsegula njanji yoyamba yapansi pa nthaka mu 1863, kenako inaitalikitsa mpaka kumidzi ya kumpoto chakumadzulo kwa mzindawo. Pafupi ndi masiteshoni panamangidwa nyumba zambiri, ndipo eni ake ankagona kunja kwa London koma n'kumagwira ntchito mkati mwake. Ku United States zoterezi zinakula kwambiri nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, pamene mabanja ambiri anagula magalimoto ndipo boma linamanga misewu ikuluikulu.

Njira zitatu zowerengera anthu a mumzinda

Akatswiri a kalembera amasiyanitsa zinthu zitatu. Choyamba ndi mzinda weniweni, kutanthauza malo amene ali pansi pa khonsolo imodzi. Chachiwiri ndi malo onse amene nyumba zamangidwa mogundizana popanda minda kapena tchire pakati. Chachitatu ndi dera la mzinda waukulu, lomwe limaphatikizapo matauni otalikirako, ngakhale pakati pali minda, bola ngati anthu ake ambiri amakagwira ntchito mumzindamo.

Paris ndi chitsanzo chabwino cha kusiyana kumeneku. Mzinda weniweni wa Paris ndi waung'ono, wokwana masikweya kilomita 105, ndipo muli anthu pafupifupi 2.1 miliyoni. Malo omangidwa mogundizana ali ndi anthu pafupifupi 11 miliyoni, pomwe dera lonse lodalira Paris lili ndi anthu pafupifupi 13 miliyoni. Manambala atatuwa ndi oona, koma akuyankha mafunso osiyana. N'chifukwa chake kuyerekeza kukula kwa mizinda iwiri kumasokoneza ngati wina wawerenga za khonsolo yokha pomwe mnzake wawerenga dera lonse.

Mmene malire amapezekera

Palibe muyeso umodzi umene mayiko onse amatsatira, koma ambiri amayang'ana maulendo a kuntchito. Ku United States, ofesi ya Office of Management and Budget ndiyo imaika malirewa. Pakati pa dera payenera kukhala malo a m'tauni okhala ndi anthu osachepera 50,000. Boma laling'ono loyandikana nawo, lomwe kumeneko amalitcha county, limalowa m'derali ngati anthu 25 mwa 100 alionse apantchito okhala kumeneko amakagwira ntchito pakatipo. Njira yoyeza motere inayamba kugwira ntchito pa kalembera wa mu 1950.

Bungwe la European Union ndi la OECD anagwirizana za muyeso wawo, womwe umalowetsa tauni kapena mudzi m'dera la mzinda ngati anthu 15 mwa 100 alionse apantchito amapita mumzindawo. Popeza maulendo a anthu amasintha pakamangidwa msewu, njanji kapena mafakitale atsopano, malire amenewa amaunikidwanso pakapita zaka.

Zitsanzo

Dera la Tokyo ku Japan limaphatikiza mizinda ya Yokohama, Kawasaki, Saitama ndi Chiba. Bungwe la United Nations linati mu 2018 derali linali ndi anthu pafupifupi 37 miliyoni. Mzinda wa New York unali ndi anthu 8.8 miliyoni pa kalembera wa mu 2020, koma dera lake lonse, lomwe limafika m'chigawo cha New Jersey, linali ndi anthu opitirira 20 miliyoni.

Madera ena alibe mzinda umodzi wokha pakati. M'chigawo cha Gauteng ku South Africa, Johannesburg, Pretoria ndi matauni a ku Ekurhuleni anakula mpaka kulumikizana, ndipo chigawochi chinali ndi anthu pafupifupi 15 miliyoni mu 2022. Ena amadutsa malire a mayiko. Chitsegulireni mlatho wa Øresund mu 2000, anthu ambiri amakhala ku Malmö m'dziko la Sweden n'kumagwira ntchito ku Copenhagen m'dziko la Denmark.

Nkhani ya ulamuliro ndi misonkho

Vuto lalikulu la madera otere ndi lakuti anthu amakhala ngati a mzinda umodzi, koma maulamuliro ndi ambiri. Munthu amapereka msonkho wa nyumba kumene amagona, pomwe masana onse amagwiritsa ntchito misewu, misika ndi zimbudzi za khonsolo ina. Madzi akumwa, zinyalala, utsi wa magalimoto ndi madzi osefukira sizilabadira malire. Makhonsolo akapanda kugwirizana, nyumba zimamangidwa kumene kulibe mapaipi kapena mabasi, ndipo osauka ndi amene amawononga ndalama ndi nthawi yambiri paulendo.

Mayiko ayesa njira zosiyanasiyana. London inakhala ndi khonsolo ya dera lonse kuyambira mu 1965. Khonsoloyi inathetsedwa mu 1986, koma mu 2000 kunakhazikitsidwa Greater London Authority yokhala ndi meya wosankhidwa ndi anthu, yemwe amayang'anira zamayendedwe m'dera lonse. France inakhazikitsa Métropole du Grand Paris mu 2016 kuti Paris ndi makhonsolo ozungulira azikonzera limodzi ntchito zina.

South Africa inasankha kuphatikiza makhonsolo. M'nthawi ya tsankho, malo monga Soweto ankalamulidwa padera. Anthu ake ankagwira ntchito ndi kugula katundu ku Johannesburg, koma misonkho ya mabizinesiwo inkatukula madera a azungu. Mu 2000 dzikolo linapanga makhonsolo asanu ndi limodzi a madera a mizinda ikuluikulu, iliyonse ndi thumba limodzi la misonkho, ndipo mu 2011 linawonjezera Buffalo City ndi Mangaung.

Ku Malawi

Blantyre ndi Limbe anali matauni awiri osiyana mpaka pamene anaphatikizidwa mu 1956. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 800,264 mumzinda wa Blantyre. Nambalayi ndi ya mkati mwa malire a khonsolo ya mzinda, choncho siwerengera anthu a kunja kwa malirewo, monga a ku Lunzu, amene amakwera minibasi m'mawa uliwonse kukagwira ntchito kapena kukagulitsa malonda m'tauni.