Siwa ndi Kuuka kwa Akufa: Mbiri ya Maliro a Chikhristu m'Blantyre

Kukagwa zovuta ku Nancholi, m'mbali mwa msewu wa ku Chikwawa, anyamata amathyola masamba n'kuyala pamsewu kuti wagalimoto achepetse liwiro ndipo wanjinga atsike. Abambo amachezera panja pamoto, amayi amakhala pamphasa m'nyumba ya siwa, kwaya n'kumasinthana nyimbo mpaka tambala woyamba. Kukacha, m'busa kapena mkulu wa mpingo amaima pambali pa bokosi n'kulalikira kuti wagonayu adzauka. Kulira ndi ulalikiwo sizinabadwire pamodzi. Zakumana m'zaka pafupifupi 150 zapitazi. Mbiri yake ikuonetsa kuti chiphunzitso cha kuuka kwa akufa sichinalande malo a misozi, ndipo chazika mizu makamaka pa nthawi zimene mwambo wa makolo unasowa pogwira, pamene mtembo panalibe kapena kumudzi kunatalika.

Amang'anja ndi Ayao amene amishoni anawapeza kumtunda kwa Shire sankaona imfa ngati kutha kwa munthu. Womwalira ankasanduka mzimu, wotha kubwera m'maloto, kudwalitsa mwana kapena kuteteza banja, ndipo ku Khulubvi ku Nsanje anthu ankapempha mvula kudzera mwa Mbona. Koma mpumulo wa mzimuwo unkadalira amoyo: adzukulu akumbe manda pa malo a makolo, anamfedwa amete, mowa ufulidwe, nsembe ithiridwe. Wofera kutali, wosaikidwa ndi abale ake, ankasiya nkhawa yosatha pamudzi.

Amishoni oyamba anayamba ndi kuika maliro awo omwe. A UMCA anafika ku Magomero mu 1861, ndipo chaka chotsatira Bishopu Charles Mackenzie anamwalira ndi malungo. A Church of Scotland anakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, ndipo David Clement Scott, amene anafika mu 1881, anatsogolera kumanga tchalitchi cha St Michael and All Angels kuyambira 1888 mpaka 1891. Zoti wakufa ali moyo kwinakwake sizinali zachilendo kwa omvera. Chachilendo chinali chakuti thupi lomwelo limene laikidwa m'nthaka lidzaukitsidwa, ndipo adzaliukitse ndi Mulungu, osayembekezera nsembe ya mbale aliyense. Mikangano inalipo ndithu. Mipingo inaletsa mowa wa maliro, ndipo m'madera a Achewa inalimbana kwambiri ndi Gule Wamkulu, mpaka lero pali midzi imene maliro amodzi amagawa abale pawiri. Komabe kugona pa siwa, ntchito ya adzukulu, chipepeso ndi mawu a mfumu sizinachoke. Nyimbo za mpingo zinangolowa m'siwa momwemo, ndipo Buku Lopatulika litatuluka mu 1922, mkulu wa mpingo wa kumudzi ankatha kuwerenga yekha 1 Akorinto 15 pamanda m'chinenero cha olirawo.

Zaka zomwezo ndi zimene imfa zochitikira kutali ndi kwawo kwa munthu zinachuluka. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, amuna ambirimbiri amene anagwidwa kukhala amtengatenga anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Chimfine choopsa cha mu 1918 chinatsatira. Kenaka Wenela inatenga anyamata kupita nawo ku migodi ya ku Joni, ena anapita ku Salisbury n'kutchona, ndipo kwa ambiri chimene chinabwerera kumudzi ndi uthenga basi. Mayi wopanda manda oti alozeko anapeza m'chiphunzitso cha kuuka yankho limene mwambo unkavutika kupereka: Mulungu akudziwa pamene mwana wake wagona. M'tauni namonso, Ndirande, Bangwe, Zingwangwa ndi Chilomoni atadzaza ndi anthu ochokera ku Thyolo, Mulanje ndi Ntcheu, mpingo ndiwo unasenza udindo wa mudzi. Amayi a Mvano ovala zoyera ndiwo amaimba ndi kukhala pambali pa wamasiye, ndipo kwa Akatolika, miphakati imene inakhazikika m'zaka za m'ma 1970 ndiyo imasonkha ufa ndi nkhuni. Ambiri amafunabe kukaikidwa kumudzi, ndipo mabanja amalowa m'ngongole chifukwa cha galimoto yonyamula maliro, koma kuikidwa m'manda a m'tauni ngati a HHI sikuonekanso ngati kutayidwa.

Mayeso aakulu anabwera ndi Edzi, imene inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985. M'zaka za m'ma 1990 malo okhomera mabokosi anachuluka m'misewu, agogo ankaika ana awo n'kutsala ndi zidzukulu, ndipo anthu ankachoka kumanda kukapeza uthenga wa maliro ena. Si maulaliki onse a nthawi imeneyo amene anatonthoza. Ena anasandutsa bokosi kukhala umboni wa tchimo, ndipo mabanja anapwetekedwa kawiri. Koma m'mipingo momwemonso munatuluka magulu osamalira odwala kunyumba, kusambitsa ndi kudyetsa anthu amene ena ankaopa kuwakhudza, mpaka ma ARV aulere atayamba mu 2004. Covid-19 itafika mu April 2020 inaletsa ngakhale kuona nkhope ndi kuchezera pa siwa. Ndiye mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, kufupi ndi Nancholi. M'dziko lonse omwalira ndi osowa anaposa 1,000, boma linalengeza masiku 14 a chisoni, ndipo mazana a anthu matupi awo sanapezeke. Mabanja amenewo alibe pomanga chiliza. Chimene ali nacho ndi lonjezo lakuti nthaka ndi madzi zidzabweza amene zinawameza.

Pali otsutsa, ndipo mawu awo ndi oyenera kuwamva. Ena amati chiphunzitsochi chimagonetsa anthu tulo: munthu akauzidwa kuti adzaonananso ndi mwana wake, safunsanso chifukwa chake mitengo ya m'phiri inatha, chifukwa chake osauka akumanga m'zigwembe, kapena chifukwa chake mankhwala anasowa. Zoterezi zimachitikadi pamene "chifuniro cha Mulungu" chikutchulidwa pofuna kutseka pakamwa anamfedwa. Koma amene akukhulupirira kuti Mulungu adzaukitsa thupi sangalione thupilo ngati chinthu chotayika. John Chilembwe, m'busa wa ku Mbombwe, analemba kalata mu November 1914 kudandaula kuti Aafirika akufera nkhondo yosakhala yawo n'kusiya amasiye, ndipo iye mwini anaikidwa mu 1915 pa manda opanda chizindikiro. Mabishopu a Katolika amene analemba kalata ya mu March 1992 yodzudzula nkhanza ndi umphawi ankalalikira kuuka komweku. Ena amati Chikhristu chinangopaka utoto watsopano pa chikhulupiriro cha mizimu. Kufanana kulipo, ndipo n'chifukwa chake uthengawo sunamveke wachilendo, koma kusiyana kwake n'kwakukulu kwa matchona ndi kwa a ku Chilobwe: chiyembekezo chawo sichidalira kuti mwambo unatsatidwa wonse.

Chimene chiyenera kukanidwa ndi chizolowezi cha alaliki ena chouza wamasiye kuti aleke kulira poti kulira n'kusowa chikhulupiriro, kapena chogwiritsa ntchito maliro poopseza khamu, dzina la womwalirayo osalitchula n'komwe. Pa Yohane 11 Yesu anagwetsa misozi pamanda a Lazaro akudziwa kuti amuukitsa, ndipo pa 1 Atesalonika 4 Paulo sakuletsa chisoni, akungochisiyanitsa ndi chisoni chopanda chiyembekezo. Abusa, ansembe ndi akulu a mipingo a m'Blantyre, lolani anamfedwa alire mpaka mtima utsike, lalikirani kuuka mosawafulumizitsa, ndipo tenti ikachotsedwa, achibale atabwerera kwawo, tumizani amayi ndi abambo a mpingo kukawaonanso pakhomo.