Khansa ya kummero kunyanja: mbiri ya chithandizo chake

Khansa ya kummero imayamba ngati nkhani yaing'ono. Nsima imaima pachifuwa, munthu n'kuitsitsa ndi madzi. Pakapita miyezi amasiya nsima n'kumangomwa phala, kenako ngakhale malovu amakana kutsika. Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe matendawa ndi ochuluka kwambiri padziko lonse. Mu 1969, wofufuza Neil McGlashan analoza chala kachasu ngati choyambitsa matendawa. Akafukufuku a pambuyo pake anawonjezapo fodya, utsi wa nkhuni ndi tiyi wowotcha.

Opareshoni yake ndi yakale. Mu 1913, ku New York, dokotala Franz Torek anachotsa mmero wa mayi wina, ndipo mayiyo anakhala moyo zaka zoposa 10 akudyera m'chubu cha labala. Mu 1946 Ivor Lewis wa ku Britain anaonetsa njira yomwe ikutsatidwabe: kutsegula pamimba ndi chifuwa cha kumanja, kudula mbali yodwala, n'kukokera chifu m'mwamba kuti chilumikizidwe ndi mmero wotsalawo. Amalowera kumanja chifukwa mtsempha waukulu wochokera mumtima umakhotera kumanzere. Koma alipo anthu ochepa obadwa mtsemphawo utakhotera kumanja, kapena nthambi yake itadzera kumbuyo kwa mmero. Kwa otere dokotala amayamba waona chithunzi cha CT, nthawi zina n'kulowera kumanzere, poti kuboola mtsemphawo kungaphe munthu pomwepo.

Ku Mangochi mbiriyi inayenda mosiyana. Wodwala wa ku Makanjira kapena Monkey Bay amayambira pachipatala chaching'ono, ena kwa sing'anga, poganiza kuti anadyetsedwa. Chipatala cha boma ku Mangochi chimamutumiza ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre kukaunikidwa ndi kamera yolowetsa kukhosi. Pofika uko, ambiri chotupa chimakhala chitafalikira, thupi litatha, moti opareshoni yaikulu chotere sangaipirire.

N'chifukwa chake chomwe chinasintha zinthu kuno si mpeni koma kachubu ka waya kotchedwa stent, komwe madokotala a ku Queen Elizabeth anayamba kuika cha m'ma 2010. Kamalowa kali kofinyika, n'kudzitambasula pamalo otsekekawo. Khansayo sikaichiza ayi. Komabe munthu amabwerera kwawo akumeza phala ndi nsima yofewa, atalangizidwa kutafuna kwambiri, kudya ali tsonga, ndi kusankha bwino minga ya nsomba, zomwe kunyanja ndi ntchito ya tsiku lililonse.