Madzi Saiwala Khwawa

Tikamva kuti anyamata athu agwidwa ku South Africa chifukwa chosowa zikalata, ambiri timangoti ndi ana osamva. Ine, amene ntchito yanga m'boma ndi yosunga malamulo, ndimaona kuti mlanduwu sitingauzenge bwino tisanafunse kuti njira ya ku Joni anailambula ndani.

Golide atapezeka ku Witwatersrand mu 1886, eni migodi anafuna manja ambiri otsika mtengo. M'zaka za m'ma 1890 atsamunda anakhazikitsa msonkho wa nyumba kuno ku Nyasaland. Munthu amene ankadya za m'munda mwake anayamba kufunika ndalama, koma ntchito zolipira bwino kunalibe. Motero uku msonkho unkakankha, uko mgodi unkakoka, ndipo bungwe la Wenela linkalemba anthu n'kuwatengera kummwera.

Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha ngati lathu, poti ambiri ankafa ndi chibayo m'migodi. Kodi ulendo unatha? Ayi ndithu. Agogo athu anayamba kuyenda okha wapansi, kuwoloka Zambezi ndi Limpopo mozemba, akulimbana ndi njala ndi zilombo. Pofika 1935, komiti imene boma la atsamunda linaika inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Ena sanabwerenso, ndipo dzina lakuti matchona linamera mizu m'chinenero chathu.

Chiletso chija chitachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, Wenela inakula mpaka kumanyamula anthu pandege. Pa 4 Epulo 1974 ndege yake inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 anafa. Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu, ndipo amuna oposa 100,000 anabwerera kumudzi. Mu 1977 ntchito inayambiranso pansi pa dzina la TEBA, imene ife timati Theba, koma olembedwa anachepa. Mu 1988 khomo linatsekekeratu maiko awiriwa atasemphana pa nkhani yoyeza anthu kachilombo ka HIV.

Apa ndiye pagona nkhani. Khomo linatsekedwa, koma chimene chinkatulutsa anthu m'midzi sichinachoke. Minda inapitirira kuchepa, achinyamata omaliza sukulu anachuluka kuposa ntchito, ndipo kwacha inayamba kugwa mphamvu kwambiri kuyambira 1994. Mnyamata wa ku Mzimba kapena ku Mangochi ankaona nyumba yamalata ndi njinga zimene bambo ake anagula ndi ndalama za ku Joni. Anakwera basi kudzera ku Tete ndi Beitbridge, masiku amene anamudindira m'pasipoti atatha iye n'kukhaliratu.

Nalo dziko lolemeralo linayankha ndi mphamvu. Mu 1986 boma la tsankho linamanga mpanda wamagetsi m'malire ndi Mozambique, umene unapha anthu ambiri othawa nkhondo. Mu 1996 boma latsopano linatsegula malo a Lindela ku Krugersdorp osungirako ogwidwa asanawabweze kwawo. Mu Meyi 2008 ziwawa zodana ndi alendo zinapha anthu 62. Komabe ena obwezedwa sankatha ndi mwezi womwe asanabwererenso, chifukwa mabwana a m'mafamu, m'nyumba ndi m'zomangamanga amakonda wantchito wopanda mapepala: salimba mtima kudandaula za malipiro.

Sindikunena kuti dziko lisateteze malire ake, ndipo sindikulimbikitsa mwana wa munthu kuphwanya lamulo. Chimene mbiri yandiphunzitsa n'chakuti mu 1913 ndi mu 1988 momwe, kutseka khomo kunangosandutsa wantchito kukhala wozemba, ndipo wopindula anakhala womuwolotsa ndi womulemba ntchito mobisa. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Wofuna kuti madziwo asasefukire ayenera kuwakumbira ngalande yovomerezeka uko, ndi kukonza ntchito kuno kumene akuchokera.