Mbiri ya man, buku lokhala m'kati mwa kompyuta

Kwa zaka ziwiri zoyambirira, Unix, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, idalibe buku lililonse. Ken Thompson ndi Dennis Ritchie adaiyamba mu 1969 ku Bell Labs, ku Murray Hill m'chigawo cha New Jersey ku America, ndipo wofuna kudziwa momwe lamulo lina limagwirira ntchito ankangopita kukafunsa mwini wake. Bwana wawo Doug McIlroy ndiye adawaumiriza kuti alembe. Pa 3 Novembala 1971 kudatuluka Unix Programmer's Manual, masamba omasuka omangidwa pamodzi, lamulo lililonse ndi tsamba lake.

Makina olembera adali nawo kale. Gululi lidapeza kompyuta ya PDP-11, ndipo imodzi mwa ntchito zake zoyamba idali kukonza zikalata za nthambi ya kampaniyo yoona za umwini wa zopangapanga. Pulogalamu yotchedwa roff, mdzukulu wa RUNOFF yomwe Jerome Saltzer adalemba ku MIT mu 1964, ndiyo inkayala mawu pa tsamba. Popeza masamba a bukulo adalembedwa ndi pulogalamu yomweyo, ankakhala m'kati mwa kompyuta ngati mafayilo ena onse. Posakhalitsa padabwera lamulo lowaitanira: munthu alembe man, asiye mpata, alembe dzina la lamulo limene lamuzunguza, tsamba lituluke pomwepo.

Chodabwitsa n'chakuti kaonekedwe ka tsambalo sikadasinthe kwenikweni mpaka lero. Wolemba man ls pa Linux kapena pa Mac amakumana ndi mitu yomweyija. Pamwamba pali NAME, dzina ndi mzere umodzi wonena ntchito ya lamulolo. Pansi pake pali SYNOPSIS, kalembedwe kake kenikeni, m'mene zosankha zimene munthu angathe kuzisiya zimatsekeredwa m'mabulaketi otere [ ]. Kenako DESCRIPTION imafotokoza zonse, ndipo SEE ALSO imamulozera wowerenga ku masamba achibale. Batani la q limamutulutsa, kamzere kopendekeka kamamusakira liwu.

Mutu woyenera kuuyang'anitsitsa uli kumunsi kwenikweni: BUGS. Apa wolemba pulogalamu ankaulula yekha zimene pulogalamu yake ikulakwitsa. M'buku la 1971 mudalinso mutu wa OWNER, pomwe pankalembedwa dzina la mwini pulogalamu, kawirikawiri ken (Thompson) kapena dmr (Ritchie), kuti wodandaula adziwe khomo logogoda. McIlroy adafotokozapo kuti nthawi iliyonse yokonza buku latsopano kunkakhala piringupiringu, chifukwa munthu akati alembe chilema cha pulogalamu yake ankagwidwa manyazi, n'kuona kuti kukonza n'kwapafupi kusiyana ndi kuchisindikiza. Choncho buku lidayamba kukonza pulogalamu. Ngakhale mibadwo ya Unix ya ku Bell Labs inkatchulidwa potsata bukulo, kuyambira First Edition mpaka Tenth Edition ya 1989. Ndi makampani ochepa lero amene angalole chilema cha katundu wawo kulembedwa pa tsamba lomwelo la malangizo, ndipo mwambo umenewu ndi woyenera kuusunga.

Bukulo lidagawidwa m'zigawo za manambala. Gawo 1 ndi la malamulo a tsiku ndi tsiku, 2 la zimene pulogalamu imapempha ku mtima wa Unix, 3 la zida za olemba mapulogalamu m'chilankhulo cha C, 5 la kaikidwe ka mafayilo, 8 la woyang'anira makina. Masewera nawo adapatsidwa gawo 6. Manambalawa ali ndi ntchito: man passwd imaphunzitsa kusintha mawu achinsinsi, pomwe man 5 passwd imafotokoza fayilo yosunga mayina a ogwiritsa ntchito makinawo. Dzina limodzi, masamba awiri.

Koma nanga wosadziwa dzina la lamulo atani? Yankho lidachokera ku yunivesite ya California ku Berkeley, komwe kudabadwa apropos. Munthu amalemba liwu la zimene akufuna, kompyuta imasanthula mizere yonse ya NAME n'kumupatsa mndandanda. Pa makina ambiri man -k imachita zomwezo.

Si onse adakhutira. Richard Stallman atayambitsa GNU mu 1983, gulu lake lidaona kuti tsamba limodzi lalitali silingaphunzitse pulogalamu yaikulu. Lidakonza Texinfo ndi lamulo la info, momwe buku limagawidwa m'mitu yolumikizana, wowerenga n'kumadumpha kuchoka pa mutu wina kupita pa wina, World Wide Web isanabadwe. Kwa zaka zambiri masamba a man a mapulogalamu ena a GNU ankathera ndi mawu otumiza wowerenga ku info. Komabe zala za anthu zidazolowera man, ndipo cholowa cha GNU chimene chidafala kwambiri ndi chachifupi: kulemba --help pambuyo pa dzina la lamulo kuti lidzifotokoze lokha m'mizere yowerengeka. Microsoft nayo idaika /? ndi HELP mu MS-DOS 5.0 mu 1991, kenako Get-Help mu PowerShell mu 2006.

Dandaulo lakale lidakalipo, ndipo ndi loona. Tsamba la man lidalembedwa kuti likumbutse wodziwa kale, osati kugwira mlendo pa dzanja. Wophunzira wofuna kungomasula fayilo imodzi akatsegula man tar amamira m'zosankha zochuluka asanaone chimene wadzera. N'chifukwa chake mu 2013 Romain Prieto adayambitsa tldr, masamba aafupi a zitsanzo zokhazokha, olembedwa ndi anthu ongodzipereka.

Masamba akalewo nawo ali ndi owasamalira. Michael Kerrisk adatenga udindo woyang'anira masamba a man a Linux mu 2004 n'kuugwira kwa zaka zoposa 15, ndipo lero ntchitoyo ili m'manja mwa Alejandro Colomar. Ku OpenBSD, mbadwa ina ya Unix, komwe pulogalamu ya mandoc ya Kristaps Dzonsons idayamba kuyala masambawa mu 2010, cholakwika cha m'buku amachitenga ngati cholakwika cha pulogalamu, ndipo wosintha lamulo amayembekezeka kusinthanso tsamba lake nthawi yomweyo.