Matumbo a tiana takufa m'chakudya cha amayi awo

Mu 1946 madokotala awiri a ziweto a ku yunivesite ya Purdue, m'chigawo cha Indiana, Doyle ndi Hutchings, analemba za nthenda yotsegula m'mimba imene inkapulula tiana ta nkhumba m'makola a ku America. Ndiyo TGE. Mu 1971 ku England kunabuka inzake, PED, ndipo vayirasi yake inadzadziwika ku Belgium mu 1978. Musazisokoneze ndi chigodola chimene chimatimalizira nkhumba kwathu kuno. Izi ntchito yake ndi m'matumbo.

M'kati mwa matumbo ang'onoang'ono muli timphukira tambirimbiri tonga ubweya wa thaulo, timene timayamwa chakudya ndi madzi. Vayirasi imalowa m'maselo okuta timphukirati n'kuwapha, tonse n'kufota. Kamwana kamayamwa ndithu, koma mkakawo umangodutsa, n'kutuluka uli madzi achikasu. Kamasanza, maso n'kulowa m'kati. Mukakatumbula mupeza mkaka utaundana m'chifu, matumbo atapyapyala mpaka kuonekera m'kati. Nkhumba yaikulu imameretsa maselo ena msanga, imachira. Koma kamwana kosakwana sabata kamatha madzi m'thupi matumbo asanadzikonze, ndipo kawirikawiri tiana tonse tobadwa pamodzi timapita.

Chimene chimandikhudza kwambiri m'mbiri imeneyi ndi njira imene alimi ankatsata katemera wodalirika palibe. Ankatola tiana tongofa kumene, kuchotsa matumbo, kuwapera, kusungunula ndi madzi, n'kuthira m'chakudya cha nkhumba za bere. Nkhumbazo zinkadwala masiku ochepa, thupi n'kupanga chitetezo, ndipo zikaswa chitetezocho chinkatsika ndi mkaka kukatchinjiriza matumbo a ana. Chimagwira ntchito pokhapokha mwana akuyamwa tsiku ndi tsiku, chifukwa nkhondo yake ili m'matumbo momwemo, osati m'magazi.

PED itafika ku America mu 2013, kumene nkhumba zinali zisanakumanepo nayo, inapha tiana mamiliyoni ambiri m'chaka chimodzi chokha, ndipo alimi anabwerera ku njira yakaleyi. Anthu ambiri atamva ananyansidwa nazo. Ine sindingawadzudzule alimiwo. Ngozi yake ilipo ndithu, pakuti matumbo omwewo angathe kufalitsa matenda ena m'khola lonse, ndipo mpofunika dokotala wa ziweto aziyang'anira. Koma munthu amene m'mawa uliwonse akutulutsa tiana takufa pa wilibala, amafuna kuti tobadwa mwezi wamawa tidzayamwe mkaka umene ungatipulumutse.