Mbiri ya Malaya a Othamanga ndi Fungo Lake

Agiriki akale, amene mipikisano yawo ya ku Olympia akuti idayamba m'chaka cha 776 Khristu asanabadwe, sadavutike mtima ndi funso lakuti wothamanga avale chiyani, pakuti anyamata awo ankalowa m'bwalo ali chibadwire, atadzola mafuta a azitona kuyambira kumutu kufikira kumapazi, ndipo mpikisano ukatha ankapala mafutawo, pamodzi ndi fumbi ndi thukuta lomwe, ndi kachitsulo kopindika, kenaka n'kupita kukasamba. Koma mibadwo ya pambuyo pake, poona kuti umaliseche pagulu ndi chinthu chamanyazi, idaika nsalu pakati pa khungu ndi mphepo. Ndipo kuyambira pamenepo owomba nsalu ndi osoka akhala akusauka ndi mlandu umodzi umene sunagamulidwe kufikira lero, ndiwo wakuti thukuta la munthu likatuluka lipite kuti, ndipo fungo lake likagone pati.

Tisanalowe m'kati mwa mbiriyi nkoyenera kuti tiyambe talimasula thukuta, pakuti lakhala likusenza tchimo la ena. Thukuta limene limayenderera pamphumi ndi pamsana ndi madzi ndi kamchere chabe, ndipo fungo lilibe. Koma m'khwapa muli timagwero tina, timene timadzuka mwana akatha msinkhu, totulutsa thukuta lamafutamafuta. Ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso, timene ophunzira amatitcha mabakiteriya, timadya mafutawo ndi kusiya zotsalira zimene mphuno ya mnzako imamva. Chotero chovala chilichonse cha wothamanga chimaweruzidwa pa zinthu ziwiri: chimene chimachita ndi madzi, ndi chimene chimachita ndi mafuta.

Pamene Angerezi adaikira mpira wa miyendo malamulo ake m'chaka cha 1863, osewera adalibe nsalu ina yosankha koma ubweya wa nkhosa ndi thonje lochindikala, ndipo ankatuluka m'bwalo la matope atalemedwa ndi malaya awo omwe. Opalasa njinga a mpikisano wa Tour de France nawonso adakwera mapiri a ku France zaka zambiri atavala ubweya. Jezi yachikasu yoyamba, imene Eugène Christophe adavala mu 1919, idali yaubweya. Ubweya wa masiku amenewo udali wokhakhala, unkayabwa pakhosi, ndipo mvula ikaunyowetsa unkalendewera mpaka m'ntchafu.

Komabe udali ndi mneneri wake, ndipo pa munthu ameneyu tiyenera kukhalitsa pang'ono. Gustav Jaeger, mphunzitsi wa za zamoyo mumzinda wa Stuttgart ku Germany, adali munthu wokhulupirira mphuno koposa maso, kotero kuti adafika pophunzitsa kuti thanzi la munthu, chimwemwe chake, ngakhale mantha ake, zonsezi zimayenda ndi mafungo amene thupi limatulutsa. M'buku lake la mu 1880 adalimbikira kunena kuti nsalu zochokera ku zomera, monga thonje ndi bafuta, zimasunga fungo loipa la thupi ndi kulibwezera kwa mwini wake, pamene ubweya wa nyama umalilola kuti lituluke. Ndipo chifukwa cha ichi adalangiza anthu kuvala ubweya wokhawokha, kuyambira kabudula wam'kati kufikira chikhoti, ndi kufundanso ubweya usiku. Mngerezi wina, Lewis Tomalin, adagwidwa mtima ndi chiphunzitsochi natsegula sitolo ya zovala zotere mu London m'chaka cha 1884. Mlembi George Bernard Shaw adazivala mosabisa, ndipo Ernest Shackleton adapita nazo ku chisanu choopsa cha ku Antarctica. Zifukwa zambiri za Jaeger zidali zolakwika, ndipo ophunzira adazitaya kalekale. Koma mphuno yake, pa nkhani ya ubweya, sidamunamize. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo ake adagonera zaka zoposa 100.

Pakati apa thonje lidalowa ufumu. Ku Manchester mu 1888 kudayamba kuwombedwa nsalu ya thonje ya timabowotimabowo, yotchedwa Aertex, yoti mphepo izidutsa; ndiyo imene timu ya England idavala pa mpikisano wa dziko lonse ku Mexico mu 1970 poopa dzuwa la kumeneko. René Lacoste, katswiri wa tenisi wa ku France, atatopa ndi malaya a manja aatali, adayamba kugulitsa malaya ake a thonje a manja aafupi mu 1933. Ife kuno thonje silidali mlendo, pakuti David Livingstone, pokwera mtsinje wa Shire mu 1859, adapeza Amang'anja akulima, akupota ndi kuwomba thonje lawo m'midzi; ndipo fakitale ya David Whitehead itatsegulidwa mu Blantyre mu 1967, ana a dziko lino adavala nsalu ya thonje yowombedwa kwawo komwe, nathamanga nayo m'mabwalo a sukulu. Thonje ndi lofewa pakhungu, sopo amalilowa bwino, ndipo fungo lake limachoka ndi madzi. Koma chilema chake ndi chakuti limamwa thukuta osafuna kulitaya, limamatirira pamsana, limalemera, ndipo mphepo ya Chiperoni ikapeza munthu ali m'malaya onyowa otere imamulowa mpaka m'mafupa.

Chilema chimenechi ndicho chidatsegulira khomo nsalu zimene sizimera m'munda kapena pamsana pa nkhosa. Nayiloni adapangidwa ku America mu 1935, m'nyumba zofufuzira za kampani ya DuPont, motsogozedwa ndi Wallace Carothers. Ndipo mu 1941, nkhondo yachiwiri ili m'kati, John Rex Whinfield ndi James Tennant Dickson adapanga poliyesita ali pa ntchito ya kampani ina ya mu Manchester yemwe uja, mzinda umene udalemera ndi thonje. Poliyesita, amene muzu wake ndi mafuta okumbidwa pansi pa nthaka, ndiye adadzafika m'masitolo athu ndi dzina la terelini, ndipo akuluakulu amakumbukira mathalauza ake osafuna simbi. Koma m'bwalo la masewera adalowa ndi mphamvu zake zonse mochedwerapo, pamene amisiri adaphunzira kuumba ulusi wake mwanjira yakuti uzikoka thukuta pakhungu ndi kulimwaza kunja kwa nsalu kuti liume msanga. DuPont idatulutsa Coolmax mu 1986, Nike idatulutsa Dri-FIT mu 1991, ndipo mu 1996 Kevin Plank, amene adasewera mpira wa Chimereka pa yunivesite ya Maryland natopa ndi kusintha malaya a thonje onyowa, adayambitsa Under Armour m'chipinda chapansi cha nyumba ya agogo ake. Tisanyoze zimene anthu awa adachita, pakuti jezi ya masiku ano ndi yopepuka, siisuluka, siing'ambika wamba, ndipo ukaichapa m'mawa umaivala masana. Koma walira mvula walira matope: dziko lidapempha nsalu yosasunga madzi, ndipo lidalandira nsalu yosunga mafuta.

Aliyense amene adachapapo majezi a timu ya pamudzi amalidziwa tsoka limeneli popanda womuuza. Jezi imatuluka m'beseni ikununkhira sopo, imauma pachingwe, imapindidwa bwinobwino. Koma mnyamata akangoivala nathamanga kuzungulira bwalo kawiri, thupi lake likatentha, fungo la masewera a sabata yatha limadzuka m'khwapa mwa jeziyo, iye mwini ali wosamba. Chifukwa chake chili mu ulusi. Poliyesita amakana madzi, moti samwa ngakhale gawo limodzi pa magawo 100 a kulemera kwake, koma amakondana ndi mafuta. Tsono mafuta a thupi amakakamira pa ulusi, madzi ochapira amangodutsa pamwamba, ndipo chakudya cha tizilombo tija chimaunjikana kuchapa ndi kuchapa. Ubweya umachita mosiyana: ukhoza kumwa chinyezi chofika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake usanamveke kunyowa, ndipo umakokera fungo m'kati mwa ulusi ndi kulitsekera momwemo kufikira tsiku lochapa.

Zimene amayi ochapa adadziwa ndi mphuno, ophunzira adadzazitsimikiza ndi miyeso. Mu 2007 Rachel McQueen ndi anzake a pa yunivesite ya Otago ku New Zealand adaveka amuna tinsalu ta mitundu itatu m'khwapa, napeza kuti poliyesita adanunkha koposa thonje ndi ubweya. Ndipo chodabwitsa chidali chakuti pa ubweya tizilombo tidakhala ndi moyo nthawi yaitali, komabe fungo lidali lochepa, kusonyeza kuti ubweya supha tizilombo ayi, koma umamanga fungo. Mu 2014 Chris Callewaert wa pa yunivesite ya Ghent ku Belgium adasonkhanitsa malaya a anthu 26 amene adapalasa njinga zolimbitsira thupi kwa ola limodzi, nawasunga maola 28 asanawapereke kwa onunkhiza ozolowera ntchitoyo. Ndipo pamenepanso poliyesita ndiye adagwa pamlandu, atapezeka ndi mtundu wa tizilombo wotchedwa Micrococcus, umene umaswana pa iye koma suswana pa thonje.

Amalonda, poona kuti mbiri ya nsalu yawo yaipa, adathamangira kwa siliva, amene kuyambira kale amadziwika kuti amaletsa tizilombo, nayamba kumupaka pa ulusi ndi kukweza mtengo wa malaya. Pa ichi ndilankhule mosapsatira: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bungwe la boma la Sweden loyang'anira mankhwala, poyesa zovala zotere mu 2011, lidapeza kuti m'zina mwa izo pafupifupi siliva yense adali atatuluka zitachapidwa maulendo 10 okha. Ndipo siliva wotulukayo amatsata madzi ochapira, kumene amapweteka tamoyo ta m'madzi. Kwa ife amene ambiri timachapira kudambo ndi kunyanja, nkhani imeneyi si yaing'ono.

Ena adabwerera kwa nkhosa. Nkhosa ya merino, ya ubweya wosalala wosayabwa, idali chuma chimene mafumu a ku Spain adachitchinjiriza zaka mazana, osalola kuti ituluke m'dziko. Idafika ku Cape mu 1789 m'manja mwa Robert Jacob Gordon, ndipo mu 1797 zina za m'khola lake zidawoloka nyanja kupita ku Australia, kumene zidaswana kufikira dzikolo lidakhala mwini wa malonda a ubweya wotere. Kuyambira cha m'ma 1994 ndi 1995, makampani onga Smartwool ku America ndi Icebreaker ku New Zealand adayamba kuluka ubweya umenewu mopyapyala, woti munthu athamange nawo ngakhale pa dzuwa, ndipo okwera mapiri adachitira umboni kuti malaya amodzi amawavala masiku angapo osanunkha. Koma mtengo wake ndi wowawa, njenjete zimaudya, ndipo umabooka msanga. Chotero kwa mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Mchesi, merino amapezeka mwamwayi chabe, tsiku limene belo la kaunjika latsegulidwa iye ali pafupi.

Pakuti kwathu kuno mbiri yonseyi imathera pa mulu umodzi wa kaunjika, pamene ubweya, thonje ndi poliyesita zimagona pamodzi pamphasa, ndipo wogula amasankha poona chizindikiro cha timu imene amaikonda. Tsono inu owerenga, mukaima pa muluwo, tembenuzani malayawo kunja kukhale m'kati, mufunefune kansalu koyera kosokeredwa m'mbali cha kumunsi, muwerenge ulusi umene adawombera. Mukapeza merino wosabooka, tengani osazengereza. Ngati masewera anu ndi a m'mawa, a kanthawi kochepa, thonje likukwanirani ndithu, ndipo musachite nalo manyazi. Ngati ndinu a mpira kapena a mtunda wautali, amene simungachitire mwina koma kuvala poliyesita, musaponye jezi yonyowa m'jumbo kuti igonemo mpaka Lolemba: ichapeni tsiku lomwelo ndi madzi ofunda, muitembenuze, mutikite sopo m'khwapa mwake, muitsukuluze bwino, ndi kuiyanika padzuwa kufikira iume gwa. Za siliva musawonongerepo ndalama zanu.